Kafukufuku wa katemera wa HIV tisamusiye, muli magazi athu

Chimvekereni mbiri ya jakisoni wa lenacapavir, anthu otsata nkhani zaumoyo akufunsa funso limodzi kawirikawiri: ngati munthu angabayitse kawiri pachaka n'kutetezeka ku HIV, katemera tikumufuniranji? Funsoli n'lomveka. Pa kafukufuku wa PURPOSE 1 yemwe anachitikira ku South Africa ndi ku Uganda, mwa atsikana ndi amayi 2,134 omwe ankalandira jakisoniyu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atatenga kachilombo pamene zotsatira zinkalengezedwa mu 2024. Pa zaka 40 zimene asayansi akhala akuyesa, palibe katemera wa HIV amene anayandikirako pamenepa. Komabe ine ndikuti kusiya ntchito yofunafuna katemera lero kungakhale kulakwitsa kwakukulu, ndipo kwa ife Amalawi kungakhale kutaya chinthu chimene tinasonkherapo kale magazi athu enieni.

Aliyense amene anapitapo kukayezetsa anaona mlangizi akubaya pachala n'kudontheza magazi pa kachipangizo kaja. Chimene kachipangizoko kamafufuza ndi ma antibody, timapuloteni tomwe chitetezo cha m'thupi chimapanga chikakumana ndi mdani. Mizere iwiri ikatuluka, ndiye kuti thupi linakumana nako kachilomboko ndipo linayankha. Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa chikuku ndi poliyo, ma antibody ndi amene amapulumutsa mwana, ndipo ntchito ya katemera ndi kuwadzutsa nthenda isanafike. Pa HIV thupi limawapanga ochuluka zedi, ochuluka moti timawagwiritsa ntchito poyeza, koma kachilombo kamangopitirira kuchulukana ngati kulibe chilichonse.

Zifukwa zake zikudziwika. Kachilomboka kakamachulukana kamalakwitsa pokopera chibadwa chake, ndipo zolakwikazo n'zimene zimakapulumutsa, chifukwa pamene ma antibody akukhwima kuti agwire mtundu umene unalowa, m'magazi mumakhala mutadzaza kale mitundu ina imene sakuidziwa. Kunja kwa kachilomboka kuli timinga tochepa tomwe kamagwirira selo kuti kalowe, ndipo timingato n'tokutidwa ndi shuga wochokera m'thupi la munthu yemweyo, choncho chitetezo chimangoyesa n'chinthu chake chomwe. Kuwonjezera apo, pakangopita masiku ochepa chilowereni, kamalowetsa chibadwa chake m'kati mwa maselo n'kubisala mmenemo moyo wonse wa munthuyo. Pa matenda ambiri katemera atha kuchedwerako pang'ono, nthenda n'kulowa, thupi n'kuithamangitsa. Pa HIV mpata umenewo palibe. Kachilombo kayenera kugwidwa kasanakhazikike.

Mu Epulo 1984 nduna ya zaumoyo ya ku America, Margaret Heckler, inanena kuti ikuyembekeza kuti katemera akhala wokonzeka kuyesedwa pakatha zaka ziwiri. Kuno kwathu wodwala Edzi woyamba anadziwika mu 1985, ndipo aliyense amene anali ndi maso m'zaka zotsatirazo akukumbukira mmene maliro anachulukira. Katemera wa AIDSVAX analephera mu 2003. Wa STEP anaimitsidwa mu 2007. Ku Thailand, kafukufuku wa RV144 wa anthu oposa 16,000 anasonyeza mu 2009 kuti katemera anachepetsa chiopsezo ndi 31 pa 100 alionse, koma atamukonzanso kuti ayenerane ndi mtundu C wa kachilombo, womwe ndi wofala kuno kummwera kwa Africa, n'kumuyesa ku South Africa pa dzina loti Uhambo, sanateteze ndipo anamuimitsa mu 2020. Imbokodo, momwe munali amayi pafupifupi 2,600 a ku Malawi, Mozambique, South Africa, Zambia ndi Zimbabwe, anagwetsa ulesi mu 2021, ndipo mnzake Mosaico anaimitsidwa mu 2023. Wowerenga mndandanda umenewu akataya mtima sindingamudzudzule. Koma akatemera onsewa ali ndi chofanana chimodzi: palibe amene anachititsa thupi kupanga ma antibody otha kugwira mitundu yambiri ya kachilombo nthawi imodzi.

Ma antibody oterowo alipo, ndipo ndi anthu okhala ndi kachilombo amene amawapanga. Gawo lina laling'ono la anthuwa, pakatha zaka ziwiri, zitatu kapena kuposerapo thupi likulimbana nako, limatulutsa ma antibody amene saona za kusintha kwa kachilombo. Iwo amapita pamalo pamene kachilombo sikangasinthe popanda kudzivulaza kokha, monga pomwe kamagwirira selo ya CD4. Akatswiri amawatchula kuti ma bnAb. Mu 2009 asayansi a IAVI, bungwe lofufuza katemera wa Edzi, ndi a Scripps, malo ochitira kafukufuku a ku America, atasanthula magazi a anthu pafupifupi 1,800 a m'maiko osiyanasiyana, anapeza awiri amphamvu, PG9 ndi PG16, m'magazi a munthu wa muno mu Africa. Mu 2010 a National Institutes of Health ku America analengeza za VRC01, amene mu labotale ankafooketsa mitundu pafupifupi 90 pa 100 iliyonse imene anamuyesa nayo. Ku KwaZulu-Natal ku South Africa, a bungwe lofufuza za Edzi la CAPRISA anapeza wina wamphamvu kwambiri m'magazi a mayi amene anatenga kachilombo kawiri, mitundu iwiri yosiyana. Chomvetsa chisoni n'chakuti ma antibody amenewa sachiritsa mwini wake, poti akamafika pokhwima kachilombo kake kamakhala katawazemba kale. Phindu lawo lili pa munthu amene sanatenge: atakhala kale m'magazi tsiku limene kachilombo kakubwera, angathe kukagwira kasanalowe m'selo.

Funso linatsala linali loti thupi limafika bwanji popanga chinthu chosowa chonchi. Yankho lalikulu linachokera kwa munthu wa kuno ku Malawi, amene m'mabuku a sayansi amangodziwika ndi nambala yoti CH505. Munthuyu analowa m'kafukufuku patangopita masabata pafupifupi anayi chitengereni kachilombo, ndipo anapitiriza kubwera kudzapereka magazi kwa zaka zoposa zitatu. Taganizani zimenezo. Munthu wangouzidwa kumene uthenga umene masiku amenewo unkagwetsa mphwayi ngakhale olimba mtima, koma iye n'kumabwerabe mwezi ndi mwezi kudzatambasula mkono. Chifukwa cha kukhulupirika kwakeko, gulu la Barton Haynes la ku Duke University linatha kuona koyamba nkhondo yonse kuyambira pachiyambi: kachilombo kamene kanalowa poyamba, antibody wosakhwima amene anakagwira, mmene kachilomboko kanasinthira pothawa, ndi mmene antibody uja anasinthiranso pokalondola, mpaka anafika pokhala CH103, wotha kufooketsa mitundu pafupifupi 55 pa 100 iliyonse. Zimenezi zinasindikizidwa m'magazini ya Nature mu 2013. Mmalawi winanso, CH848, anatsatiridwa kwa zaka zisanu, ndipo magazi ake anaonetsa njira ina yofikira malo ena ofooka a kachilomboka. Zidutswa zopangidwa motengera tizilombo ta anthu awiriwa zalowa kale m'makatemera oyesedwa pa anthu. Kulikonse kumene asayansi akukambirana za katemera wa HIV padziko lapansi, manambala awiriwa amatchulidwa. Ndi angati kuno kwathu amene anamvapo kuti eni ake ndi abale athu?

Amayi athu nawo anachita mbali yawo, ndipo yawoyo inali yolemetsa. Kuyambira mu 2016, kafukufuku wotchedwa AMP ankafuna kudziwa ngati antibody wopangidwa ku fakitale, VRC01 uja, akaikidwa mwachindunji m'magazi a munthu wopanda kachilombo, angamuteteze. Amayi 1,924 a ku Botswana, Kenya, Malawi, Mozambique, South Africa, Tanzania ndi Zimbabwe analowa, pamodzi ndi anthu ena a ku America, Brazil, Peru ndi Switzerland, onse pamodzi oposa 4,600. Aliyense ankayenera kubwera masabata 8 alionse kudzaikidwa diripi, maulendo 10. Mayi wa bizinesi pamsika, wa ana pakhomo, wosadwala chilichonse, kukagona pabedi lachipatala ndi diripi pamkono mobwerezabwereza chonchi, kwinaku anzake akumufunsa kuti kodi akudwala chiyani, si chinthu chapafupi. Zotsatira zitatuluka mu Januwale 2021, mitu yankhani yambiri inangoti VRC01 walephera. Ukaphatikiza onse, n'zoona kuti sanateteze mokwanira. Koma atasanthula tizilombo ta amene anatenga, anapeza kuti pa mitundu imene VRC01 amaigwira bwino, chiopsezo chinatsika ndi 75 pa 100 alionse. Vuto linali loti mitundu yotereyi inali pafupifupi 30 yokha pa 100 iliyonse yozungulira pakati pa anthu. Kwa nthawi yoyamba panapezeka umboni, mwa anthu osati mwa anyani a mu labotale, woti antibody angathe kutseka HIV. Panapezekanso muyezo wa mphamvu imene ikufunika, ndi phunziro loti antibody mmodzi sakwanira, pafunika awiri kapena atatu ogwira malo osiyana, monga mmene ma ARV alili.

Kuchokera pa zinthu ziwirizi, njira imene thupi limadutsa ndi umboni woti ma antibody amateteza, ndi pomwe pamera ntchito imene ikuchitika lero. Maselo otha kudzakhala opanga ma bnAb alipo mwa anthu ambiri, koma ndi osowa kwambiri ndipo ndi osakhwima. Mlenje wodziwa ntchito satenga galu aliyense kupita naye kuuzimba. Amayamba waona kagalu kamene kali ndi mphuno pakati pa anzake, n'kukapatula, kenako amakazoloweza pang'onopang'ono, lero mbewa, mawa kalulu, mpaka kadzathe kuimitsa nguluwe. Katemera watsopanoyu akuganiziridwa chimodzimodzi: jakisoni woyamba adzutse maselo osowa aja kuti achulukane, ndipo majakisoni otsatira, aliyense wosiyanako ndi mnzake, awatsogolere mpaka akhwime.

Gawo loyambalo latheka. Pa kafukufuku wa IAVI G001, wotsogozedwa ndi maganizo a William Schief wa ku Scripps, anthu 35 mwa 36 omwe analandira katemera anadzutsa maselo ofunikawo, ndipo zinasindikizidwa mu 2022. Mu Meyi 2025 kunatuluka zotsatira za G002 wa ku North America ndi G003 wa ku Rwanda ndi South Africa, momwe anagwiritsa ntchito njira ya mRNA yomwe tinaimva nthawi ya Covid-19. Ku Africa maselo aja anadzuka monga anachitira kwina, ndipo ku North America jakisoni wachiwiri anawakankhira patsogolo panjira yoyenera. Panalinso zovuta zimene siziyenera kubisidwa: anthu ena a mu G002 anatuluka ziwengo zoyabwa pakhungu, kwa ena zinatenga nthawi, ndipo zimenezi ziyenera kuthetsedwa katemera asanapite kwa anthu ambiri. Palibe katemera amene wafikitsa munthu pokhala ndi ma bnAb okhwima oteteza. Ulendo udakalipo wautali, wa zaka zambiri. Koma kusiyana kwake ndi kale n'kwakuti tsopano sitepe iliyonse ikuyezedwa, ndipo ikalephereka zimadziwika msanga pa anthu makumi ochepa, osadikira kubaya anthu masauzande. Chimene chinandisangalatsa kwambiri pa G003 n'chakuti mbali yaikulu yosanthula magazi inachitikira m'malabotale a ku Kenya, ndi manja a asayansi a muno mu Africa.

Nthawi yomweyi, pamene njira yayamba kuoneka, ndi pamene ndalama zachotsedwa. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lakunja, ndipo gulu la BRILLIANT, lotsogozedwa ndi South African Medical Research Council pansi pa Glenda Gray, linataya madola 45 miliyoni a USAID litangotsala pang'ono kuyamba kuyesa katemera. Kumapeto kwa Meyi chaka chomwecho, magulu awiri akuluakulu a ku Duke ndi ku Scripps anauzidwa kuti ndalama zawo siziwonjezeredwanso. Duke ndi komwe kuja kunapita magazi a CH505 ndi CH848. Labotale ikatsekedwa, akatswiri amene anatenga zaka khumi kuphunzira ntchitoyo amabalalika kukafuna pogwira pena, ndipo kuwasonkhanitsanso sikutheka ndi kalata imodzi.

Otsutsa ali ndi mfundo yolimba ndipo ndiyenera kuiyankha. Iwo akuti dziko limene m'zipatala mumasowa ngakhale panado, limene kolera inapha anthu oposa 1,700 mu 2022 ndi 2023, limene anthu pafupifupi miliyoni imodzi akudalira ma ARV ogulidwa ndi ndalama zakunja, lilibe mpata woganizira za katemera wa zaka khumi zikubwerazo. Ndikuvomera kuti ma ARV ndiwo oyamba, ndipo tambala ya munthu amene ali pa mankhwala lero isakhudzidwe. Ndikuvomeranso kuti lenacapavir afike msanga kwa aliyense womufuna, makamaka atsikana, poti kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kachilombo mwa amayi 10.5 pa 100 alionse poyerekeza ndi abambo 7.1. Mtengo wa madola 40 pachaka umene walonjezedwa kuyambira 2027 ndi nkhani yabwino kwambiri.

Koma jakisoniyu ndi mankhwala, ndipo amateteza pokhapokha munthu akubwerera kuchipatala miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, kukayezetsa ndi kukabayitsa, kwa zaka zonse zimene ali pachiopsezo. Amafuna kuti munthu avomereze mumtima kuti ali pachiopsezo, ndipo ambiri amene amatenga kachilombo sankadziona choncho. Mayi wapabanja wokhulupirika amene mwamuna wake amayenda sapita kukapempha PrEP, mankhwala oteteza munthu wopanda kachilombo kuti asatenge, ndipo akapita n'kudziwika, panyumba pamabuka nkhondo. Chaka cha 2025 chinatiphunzitsanso china: thandizo la America litagwedezeka, lamulo linatuluka loti PrEP ya ndalama za PEPFAR, thumba la boma la America lolimbana ndi Edzi, iperekedwe kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa okha. Chitetezo chimene chimatha pakangopita miyezi ingapo chikalata chikasainidwa ku Washington sichingakhale mathero a nkhondoyi. Katemera naye adzafuna ndalama, ndipo mwina adzafuna majakisoni angapo, koma munthu akamaliza, chitetezo chimakhala m'thupi mwake. Amaperekedwa kwa msinkhu wonse popanda kufunsa za khalidwe la munthu, monga mmene atsikana athu akulandirira katemera wa khansa ya khomo la chiberekero kusukulu, ndipo njira yoperekera tili nayo kale mpaka kumudzi kudzera mwa alangizi a zaumoyo. Mu 2024 anthu 1.3 miliyoni anatenga kachilombo padziko lonse, makondomu, mdulidwe ndi mapiritsi a PrEP zilipo kale.

Sindikunena kuti Malawi alipire kafukufukuyu. Thumba limenelo tilibe. Chimene ndikukana ndi kukhala pansi n'kumadikira ngati nkhani ya eni. Gulu la BRILLIANT linali la maiko asanu ndi atatu, kuphatikizapo Zambia, Mozambique, Tanzania ndi Zimbabwe, koma Malawi munalibe. Komatu tili ndi malo odziwika padziko lonse: UNC Project pa chipatala cha Kamuzu Central, Johns Hopkins Research Project ndi Malawi-Liverpool-Wellcome pa Queen Elizabeth, komanso Kamuzu University of Health Sciences. Kafukufuku wa HPTN 052, yemwe mu 2011 anasonyeza kuti kuyamba ma ARV msanga kumachepetsa kupatsirana ndi 96 pa 100 alionse, mabanja ambiri a ku Lilongwe ndi Blantyre anali momwemo. Katemera wa malungo anayamba kuperekedwa kwa ana kuno mu 2019 dziko lina lililonse lisanayambe. Ntchito yosonkhanitsa anthu, kuwasamala ndi kutenga magazi timaitha bwino kwambiri. Yosanthula magaziwo mozama, kufikira pa selo imodzi imodzi, ndi imene nthawi zambiri imachitikira kunja. Ngati a ku Kenya anaitha pa G003, ophunzira athu a sayansi angaithenso, boma litaika ndalama pang'ono pa maphunziro awo ndi zipangizo, ndipo litamanena momveka pokambirana ndi obwera kudzachita kafukufuku kuti mbali ina ya ntchito yosanthula ichitikire konkuno.

Makomiti ovomereza kafukufuku, wa National Health Sciences Research Committee ndi wa COMREC wa kusukulu ya zaudokotala ku Blantyre, ali ndi mphamvu imene ingagwiritsidwe ntchito mokulirapo. Chilolezo chisanaperekedwe, funso loti chinthuchi chikadzatheka Amalawi adzachipeza liti ndiponso pa mtengo wanji liyenera kuyankhidwa molembedwa. Tisaiwale kuti ma ARV amphamvu anayamba kupulumutsa anthu kumaiko olemera mu 1996, koma kuno aulere anafika mu 2004, ndipo amene anaikidwa m'manda zaka zapakatizo tikuwadziwa mayina. Ma antibody opangidwa ku fakitale ndi okwera mtengo kuposa mapiritsi, choncho nkhani ya mtengo iyambike pano, zinthu zisanafike pamsika.

Palinso ngongole kwa anthu wamba. Kafukufuku wa mtundu umenewu amadya magazi ambiri, mabotolo angapo ulendo uliwonse, ndipo ife tikudziwa zimene mphekesera za magazi zimachita. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi ina. Mphekesera imakula pamene anthu akuona magazi akutengedwa koma samva chimene chinatulukamo. Zotsatira za AMP ndi Imbokodo siziyenera kuthera kwa olowa m'kafukufuku okha ndi m'magazini a Chingerezi. Zimveke pawailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti azimve, ndipo zinenedwe zonse, zotheka ndi zolephereka zomwe. Munthu amene wauzidwa zoona kuti katemera wina analephera ndi amene angakhulupirire tsiku limene adzauzidwe kuti wina watheka.

Phindu loyamba la ma antibody amenewa lingafike katemera asanafike, ndipo lingafikire makanda. Malawi ndiye anayambitsa Option B+ mu 2011, kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo ayambe ma ARV moyo wake wonse, ndipo maiko ambiri anatengera kwa ife. Komabe ana ena akutengabe kachilombo nthawi yoyamwa, pamene mayi wadukiza mankhwala kapena pamene iye mwini watenga kachilombo ali kale ndi mwana kubere osadziwa. Kumwetsa khanda mankhwala amadzi tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri n'kovuta, makamaka pamene mayi sanaulule kwa apongozi ake. Ma bnAb okonzedwa kuti akhalitse m'thupi, monga VRC07-523LS, ayesedwa kale pa makanda obadwa kumene ndipo aoneka kuti savulaza. Amabayidwa pansi pa khungu, ndipo jakisoni mmodzi amakhala m'magazi pafupifupi miyezi itatu, kutanthauza kuti angaperekedwe mwana akangobadwa ndiponso pa maulendo a kusikelo. Ku Botswana, kafukufuku wa Tatelo anasonyezanso kuti ana 11 mwa 25 okhala ndi kachilombo, atapatsidwa ma antibody awiri mwezi ndi mwezi m'malo mwa ma ARV, kachilombo kanakhalabe kogona kwa masabata 24.

Chikufunika tsopano ndi kafukufuku wamkulu woyeza ngati majakisoni amenewa amatetezadi mwana woyamwa. Njira zotetezera makanda pogwiritsa ntchito mankhwala a nevirapine zimene dziko lapansi likugwiritsa ntchito zinatsimikizidwa ndi amayi ndi ana a kuno, pa kafukufuku wa PEPI ku Blantyre mu 2008 ndi wa BAN ku Lilongwe mu 2010. Anamwino odziwa ntchitoyo alipo, zipatala zake n'zomwezo. Unduna wa Zaumoyo ndi National AIDS Commission apite okha kwa opanga ma antibody ndi kwa opereka ndalama amene atsala, monga Gates Foundation, Wellcome ndi EDCTP ya ku Ulaya, akanene kuti Malawi akufuna kukhala nawo m'kafukufuku ameneyu kuyambira pokonza ndondomeko yake, ndipo komiti ya zaumoyo ya ku Nyumba ya Malamulo iwafunse pagulu ngati apita.